Mutu Wometa Theka

Lachiwiri usiku a Muhiwa anayankhula pa wailesi.
Pomwe ndinkatsekula kanyumba kanga kometera
kuseri kwa msika wa Ndirande m'mawa mwake,
mawu awo anali atafika kale,
atakhala pabenchi, akudikira nawo mzere.

Akuti anati: "Lekani kumangoloza ku Lilongwe.
Amene analandira nsalu ndi kangachepe pa msonkhano
asadabwe akabwezedwa ku Gulupu opanda mankhwala.
Chikhulupiriro ndi ngongole, abale anga,
ndipo wokongoza naye amayenera kusunga kope."

Che Ajasi, aja ogulitsa sipeya za galimoto,
thovu lili mbuu kuchibwano:
"Wagwira pachilonda munthu uja.
Zaka zisanu tinazigulitsa pa mtengo wa paketi ya shuga,
lero tikulira ngati anatilanda."

Yotamu wa kabaza anamenyetsa chipewa pabondo.
"Aziyankhula ali ku Namiwawa, mumpanda, agalu awiri!
Njala anangoiwerenga m'nyuzi ameneyo.
Mbava yathyola chitseko,
ndiye mlandu ukhale wa mwini nyumba poti anagona tulo?"

Pawindo, Mayi Nasibeko, beseni la mandasi lili pamutu:
"Anamudyetsa banzi, ndi wa boma."
Wina kumapeto kwa benchi: "Bodza, ndi wa otsutsa."
Anagwirizana chimodzi chokha, choti alipo anamutuma.

Pofika Lachisanu nkhani inakwera minibasi ya ku Limbe,
inatsika pa Chinseu, inalowa m'tchalitchi osavula chipewa.
Ana awiri a bere limodzi, osoka nsapato pakhonde limodzi,
analeka kubwerekana phula.

Ine ndimangometa.
Mapanga awiri avumbwitsa, ndikudziwa,
koma lendi salipira ndi maganizo.
Chimandidabwitsa n'chakuti abambo awa,
amene sakhulupirira nduna, khansala, ngakhale mlamu wawo,
amatsamira, n'kutukula chibwano, n'kutsinzina,
lezala langa likuyenda pakhosi pawo.
Sanandifunsepo chikalata.

Ndipo palibe anayang'anitsitsa nsalu
imene ndimawafunditsa m'mapewa.
Ndinaitembenuza kunsi kuti nkhope ija isaoneke.
Ndinailandira pabwalo la sukulu, tsiku la dzuwa loswa mtengo,
pamodzi ndi ndalama imene inatha
ndisanawoloke mlatho wa Nasolo.
Ndinaimba m'manja. Ndinavina pang'ono, ndisaname.

Loweruka masana magetsi anathima
Yotamu ali pampando, mutu uli theka:
kumanja mbee, kumanzere tchire.
Makina anangoti zii m'manja mwanga.
Kunja mvula, m'kati mdima,
iye akutukwana onse, kuyambira wa mitengo ya magetsi
mpaka a Muhiwa ndi agalu awo.

Che Ajasi ndi amene anayatsa tochi ya foni.
Anaimirira, bondo likuwavuta,
naigwira pamwamba pa khutu la mnyamatayo
ine ndikumalizitsa ndi sizasi ndi chipeso.
"Usagwedeze mutu, iwe, akudula."
"Inunso dzanja lanu likunjenjemera, madala."
"Koma wanena zoona munthu uja."
"Wanama."
"Khala bwino."
"Wanama basi."

Madzulo ndinakutumula nsalu ija pakhomo.
Imvi za Che Ajasi, tsitsi lakuda la Yotamu,
zonse zinagwera mulu umodzi, tsache silinasankhe.
Ndinatsekula kope langa la ngongole:
Ajasi, ndevu kawiri.
Yotamu, mutu umodzi, wati Lolemba.
Aliyense ali ndi mzere wake, ndi tsiku lake.

Nsalu yokha ndi imene sindinailembe paliponse.
Ndinaipinda, nkhope ili m'kati,
ndinaima nayo kanthawi, cholembera chili kukhutu,
phiri la Ndirande likulowa mu nkhungu,
wailesi ya oyandikana nawo, ya mabatire,
ikulengeza kuti a Muhiwa abweranso Lachiwiri.